Ray Charles, mnyamata amene ankawerenga ndi zala

Ray Charles anali woimba wa ku America. Ankaimba ndi pakamwa, ankaimbanso piyano. Anthu a m'maiko ambiri ankagula mbale zake ndi makaseti ake. Koma iye sankaona. Maso ake anasiya kuona ali ndi zaka 7, msinkhu wa mwana wa kalasi yoyamba. Caka comweco ndi pamene anayamba sukulu.

Kodi mwana wosaona amaphunzira bwanji kuwerenga? Nanga amadziwa bwanji pamene paikidwe cala pa piyano?

Kwawo kwa Ray

Ray anabadwa pa 23 Setembro 1930 m'tauni ya Albany, m'cigawo ca Georgia. Dzina lake lonse linali Ray Charles Robinson. Ali wakhanda, mayi ake a Aretha anapita naye ku Greenville, katauni kakang'ono ka m'cigawo ca Florida. Kumeneko ndi kumene anakulira.

Pakhomo pawo panali umphawi. Bambo ake a Bailey sankakhala nawo kawirikawiri. Mayi ndiwo ankasamala ana. Ankacapa ndi kusita zovala za anthu ena kuti apeze ndalama ya cakudya. Ray anali ndi mng'ono wake, dzina lake George. Awiriwa ankasewera limodzi tsiku lonse.

Makolo akale a Ray anacokera ku Africa. Anatengedwa pa zombo kukakhala akapolo. Ukapolo unatha ku America mu 1865, koma tsankho silinathe. Pamene Ray ankakula, malamulo a kum'mwera kwa dzikolo ankalekanitsa anthu akuda ndi azungu. Akuda anali ndi sukulu zawo, azungu zawo. M'basi, akuda ankakhala kumbuyo.

Piyano ya a Pitman

Pafupi ndi nyumba ya Ray panali kanyumba kogulitsiramo zakudya ndi zakumwa. Kankachedwa Red Wing Cafe. Mwini wake anali bambo Wylie Pitman. M'kanyumbamo munali zinthu ziwiri zimene Ray ankazikonda. Coyamba cinali makina oimba mbale: ukaponyamo ndalama yacitsulo, nyimbo inkayamba kulira. Caciwiri cinali piyano yakale.

A Pitman akayamba kuimba piyano, Ray ankasiya masewera n'kuthamangira komweko. Anali ndi zaka 3 zokha. Munthu wina akanamuthamangitsa, poti mwana wamng'ono amangomenyamenya cida n'kusokosa. A Pitman sanatero. Ankamukweza pampando, n'kumugwira zala, n'kumuonetsa pamene ayenera kugunda. Amenewa ndiwo anali aphunzitsi ake oyamba, ngakhale analibe coko kapena bolodi.

Lamulungu, mayi ankapita ndi ana awo ku chalichi ca Baptist. Kumeneko kaimbidwe kanali kotere: mmodzi ayambitsa, onse avomera. Anthu ankaomba m'manja ndi kuponda pansi. Ndi mmene zimakhalira amayi akamasinja pamtondo, kapena ana akamaimba kanyimbo ka m'kati mwa nthano. Kaimbidwe kopolokozana kotere anthu akuda a ku America anabwera nako kucokera ku Africa. Ray anamva zonsezi ali mwana, ndipo sanaziiwale.

Zinthu ziwiri zowawa

Ray ali ndi zaka pafupifupi 5, kwawo kunagwa tsoka. George anagwera m'beseni lalikulu locapiramo zovala, lodzaza madzi. Ray anaona. Anayesa kumukoka, koma analephera cifukwa anali wamng'ono. Anathamanga kukaitana mayi. Pamene mayi ankafika, George anali atamwalira. Madzi a m'beseni amaoneka ocepa kwa munthu wamkulu, koma kwa mwana wamng'ono ndi dziwe.

Pasanapite nthawi yaitali, maso a Ray anayamba kudwala. M'mawa ankadzuka zikope zitamatana. Zinthu zakutali zinayamba kuoneka ngati zili m'nkhungu. Kenako zapafupi nazonso zinayamba kuzimirira. Madokotala amaganiza kuti anali matenda ochedwa glaucoma. M'diso la munthu aliyense muli timadzi timene timalowa ndi kutuluka. Timadziti tikalephera kutuluka, timapanikiza mtsempha wa diso mpaka kuuononga. Lero kucipatala kuli mankhwala ocedwetsa matendawa ngati munthu afika msanga. Masiku amenewo, mwana wosauka wa ku Greenville analibe mwayi wotere. Pofika zaka 7, Ray sankaonanso kanthu.

Mayi amene anakana kumumvera cisoni

Apa ndi pamene mayi a Ray anaonetsa nzeru zawo. Iwo anadziwa kuti sadzakhala ndi moyo mpaka kale. Anadziwanso kuti mwana wozolowera kucitiridwa ciliconse adzavutika akadzatsala yekha. Conco anayamba kumuphunzitsa nchito zonse za pakhomo maso asanatheretu. Ray ankasesa m'nyumba. Ankatunga madzi. Ankacapa zovala, kukoleza moto, ngakhale kuwaza nkhuni ndi nkhwangwa.

Anthu oyandikana nawo ankadandaula. Ankati mayiwa ndi ouma mtima, akuzunza mwana wakhungu. Mayi sanawamvere. Ankauza Ray kuti maso ndiwo afa, koma mutu uli bwinobwino. Ankati nchito iliyonse ili ndi njira ziwiri, ndipo iye ayenera kupeza njira yaciwiriyo.

Ray anaipeza. Anaphunzira kuyenda ndi makutu. Munthu akamayenda pafupi ndi khoma, mapazi ake amalira mwanjira ina. Akafika pakhomo lotseguka, amalira mwanjira inanso. Yesani kunyumba: tsekani maso, ombani m'manja muli m'cipinda, kenako ombaninso muli pabwalo. Mudzamva kusiyana. Ray anazolowera kumva zotere tsiku ndi tsiku. Atakula sankayenda ndi ndodo, ndipo sankafuna galu womutsogolera.

Sukulu ya ana osaona

Mu 1937 mayi anatumiza Ray ku sukulu ya ana osaona ndi osamva mumzinda wa St. Augustine. Kunali kutali, ndipo ana ankagona komweko. Ray analira kwambiri. Sankafuna kusiya mayi ake. Ana ena ankamuseka cifukwa zovala zake zinali zosauka. Mayi nawonso mtima unkawawa, koma sanasinthe maganizo.

Ngakhale pasukuluyi panali tsankho. Ana akuda ankaphunzira mbali yawo, ana a azungu mbali yawo. Taganizani: ana osaonawo sankaona khungu la mnzawo, koma akuluakulu oona ndiwo ankawalekanitsa.

Ray anaphunzira kuwerenga zilembo za braille. Zilembozi anaziyambitsa ndi Louis Braille, mnyamata wosaona wa ku France, mu 1824, ali ndi zaka 15. Sizilembedwa ndi inki. Ndi timadontho totukuka papepala lolimba, timene munthu amatikhudza ndi nsonga za zala. Cilembo ciliconse cili ndi malo a timadontho 6: titatu kumanzere, titatu kumanja.

Tengani nyemba 6. Ziikeni m'mizere iwiri yoimirira, zitatu uku, zitatu uku. Tsopano cotsani zonse, musiye imodzi ya pamwamba kumanzere. Cimeneco ndi cilembo a. Onjezani ina pansi pake: ndi b. Icotseni, muiike pambali pa yoyamba ija, kumanja: ndi c. Mwa kusinthasintha timadontho 6 timeneti, pamatuluka zizindikiro 63. Ndi zokwanira kulemba zilembo, manambala ndi nyimbo zomwe.

Aphunzitsi a nyimbo anali mayi Lawrence. Iwo anaphunzitsa Ray nyimbo za akatswiri akale a ku Ulaya, monga Bach, Mozart ndi Beethoven. Piyano ili ndi timatabwa 88 togunda ndi zala: 52 toyera, 36 takuda. Takudato n'totukuka pang'ono, ndipo timakhala m'magulu, tiwiri, titatu, tiwiri, titatu. Munthu wosaona akatikhudza amadziwa pamene dzanja lake lili.

Vuto linali lina. Mwana woona amayang'ana pepala uku manja onse awiri akuimba. Ray sakanatha kutero, cifukwa zala zowerengera ndi zomwezo zoimbira. Ndiye ankawerenga ndi dzanja lamanzere uku lamanja likuimba. Akatha ankasinthanitsa: lamanja liwerenga, lamanzere liimba. Kenako ankasunga zonse pamtima, n'kuimba ndi manja onse awiri. Inali nchito yocedwa ndi yotopetsa. Koma inamupatsa mutu wosunga zinthu. Atakula ankatha kukonzera gulu lonse nyimbo ali cikhalire, kuuza wolemba zimene lipenga lililonse liimbe. Pasukulupo anaphunziranso kuimba zitoliro ndi malipenga, monga clarinet ndi saxophone.

Ayenda yekha

Mu 1945 mayi a Ray anamwalira. Iye anali ndi zaka 14. Cisoni cinamugwira kwambiri, moti kwa masiku angapo sankadya, ndipo misozi inkakana kutuluka. Pambuyo pake anasiya sukulu n'kuyamba kufuna nchito yoimba.

Anapita ku Jacksonville, kenako ku Orlando, kenako ku Tampa. Ankaimba piyano m'magulu a anthu ena. Masiku ena nchito inalipo, masiku ena kunalibe. Ku Orlando nthawi zina ankagona ndi njala.

Mu 1948 anaganiza zopita kutali. Anapempha mnzake kuti ayang'ane pa mapu, amuuze mzinda waukulu umene uli kutali kwambiri ndi Florida. Mnzakeyo anachula Seattle. Ray anakwera basi yekha, ulendo wa masiku 5. Anali ndi zaka 17. Atafika anapeza nchito m'nyumba zovinira. Anapezanso bwenzi, mnyamata woimba lipenga wochedwa Quincy Jones, amene pambuyo pake anadzakhala katswiri wokonza nyimbo. Ubwenzi wawo unakhala mpaka imfa.

Nthawi imeneyo kunali katswiri wa nkhonya wochedwa Sugar Ray Robinson. Kuti anthu asamawasokoneze, woimbayu anasiya dzina la Robinson n'kutsala ndi Ray Charles. Mu 1949 nyimbo yake ya Confession Blues inagulidwa kwambiri.

Kodi rhythm and blues n'ciani?

Mawuwa ndi a Cingelezi. Rhythm ndi kugunda kwa nyimbo, kumene kumakucititsa kugwedeza phazi. Blues ndi nyimbo zodandaula za anthu akuda a ku America: za njala, za nchito yowawa, za wokondedwa amene wacoka. Ukaphatikiza kudandaulako ndi ng'oma, piyano ndi malipenga, pamatuluka nyimbo yoti munthu avine ngakhale mawu ake ndi acisoni. Dzina la rhythm and blues linayamba kugwiritsidwa nchito m'magazini ya Billboard mu 1949.

Poyamba Ray ankatsanzira anthu ena. Ankakonda oimba awiri, Nat King Cole ndi Charles Brown, ndipo ankaimba mofewa ngati iwo. Ankawatsanzira bwino kwambiri moti womvera wailesi akanasokonezeka. Koma anthu ankamuyamikira ponena kuti akuimba ngati Nat King Cole. Dzina lake la iye mwini silinkamveka. Zimenezi zinayamba kumuvutitsa.

Mu 1952 analowa kampani yojambula nyimbo ya Atlantic, ya ku New York. Eni ake anamulola kuimba mmene iye akufunira. Ray anakumbukira chalichi ca ku Greenville. Anakumbukira mlaliki wofuula, anthu ovomera, manja ooomba. Mu 1954 anajambula nyimbo yochedwa I Got a Woman. Maimbidwe ake anawatenga ku nyimbo ya m'chalichi, koma mawu anali a mwamuna woyamikira mkazi wake. Mu 1955 nyimboyi inafika pa nambala 1 pa nyimbo za rhythm and blues.

Si onse anakondwa. Akhristu ambiri anakwiya. Kwa iwo nyimbo za Mulungu zinali zopatulika, ndipo kuzitengera kumalo ovinira kunali kucimwa. Madandaulo awo anali omveka, cifukwa nyimbo zimenezo ndizo zinatonthoza makolo awo pa ukapolo. Koma Ray ankati iye akungoimba zimene anakula nazo. Oimba ena ambiri anatsatira njira yake, ndipo kaimbidwe katsopanoka kanadzachedwa soul.

Nyimbo yobadwa mwangozi

Usiku wina kumapeto kwa 1958, Ray ndi gulu lake ankaimba pa dansi. Nyimbo zonse zimene anakonzekera zinatha, koma nthawi inali isanakwane. Panatsala mphindi pafupifupi 12. Ray anauza anzake kuti angomutsatira. Anayamba kugunda piyano yamagetsi. Ng'oma zinalowa. Iye akafuula, atsikana oimba naye, ochedwa Raelettes, ankavomera. Iye afuula, iwo avomera. Anthu anavina mpaka nyumba kugwedezeka. Atatha, ambiri anabwera kudzafunsa kumene angagule mbale ya nyimboyo. Mbale kunalibe, poti nyimboyo inali itangobadwa kumene.

Anaijambula mu 1959 n'kuicha What'd I Say. Mawailesi ena anakana kuiulutsa, ati ndi yopanda ulemu. Komabe anthu anaigula mwaunyinji, akuda ndi azungu omwe.

Caka comweco Ray anasamukira ku kampani ina, ABC-Paramount. Pa pangano lawo anaikapo mfundo yacilendo masiku amenewo: nyimbo zojambulidwazo zidzakhala zake, osati za kampani. Oimba ambiri akuda ankafa osauka cifukwa ena ndiwo ankadya phindu la nyimbo zawo. Ray sanalole. Mu 1960 anaimba Georgia on My Mind, mu 1961 Hit the Road Jack, ndipo zonse ziwiri zinafika pa nambala 1 m'dziko lonse. Mu 1962 anadabwitsa anthu poimba nyimbo za country, zimene ambiri ankati ndi za azungu akumidzi. Iye ankazimva pa wailesi ali mwana, ndipo ankazikonda.

Ku Augusta

Mu 1961 Ray anaitanidwa kukaimba mumzinda wa Augusta, ku Georgia, cigawo cimene anabadwira. Ophunzira akuda a pa koleji ina ya mumzindawo anamutumizira uthenga. Anamuuza kuti pansi povinira padzakhala azungu okha, ndipo akuda adzakhala m'mwamba, kutali. Ray anakana kuimba, nacoka. Wokonza dansiyo anakasuma ku khoti, ndipo Ray analipitsidwa madola 757.

Patapita zaka 18, mu 1979, boma la Georgia linasankha Georgia on My Mind kukhala nyimbo ya cigawo conse. Ray anaitanidwa kukaiimba pamaso pa opanga malamulo.

Koma sikuti nthawi zonse ankasankha bwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anapita kukaimba ku South Africa. Nthawi imeneyo dzikolo linali pansi pa ulamuliro wa tsankho wa apartheid, ndipo omenyera ufulu ankapempha oimba akunja kuti asapiteko. Ray anapitabe. Anthu ambiri akuda, ku Africa ndi ku America, anakhumudwa naye kwambiri.

Panalinso vuto lina lalikulu. Ali mnyamata ku Seattle anayamba kugwiritsa nchito mankhwala ozunguza bongo ochedwa heroin. Mankhwalawa akalowa m'thupi, thupi limawafuna tsiku lililonse, ndipo munthu akawasowa amadwala. Ray anakhala nawo zaka pafupifupi 17. Apolisi anamugwira kangapo. Mu 1965 analowa cipatala ku California kuti asiye. Anavutika masiku ambiri, kusanza ndi kunjenjemera, koma anasiya, ndipo sanabwererenso. Ali m'cipatalamo anaphunzira masewera a chess. Ankakhudza tizidole ta masewerawo ndi zala, n'kusunga bolodi lonse m'mutu.

Zaka zomaliza

Mu 1985 ku Ethiopia kunali njala yoopsa. Oimba ambiri a ku America anasonkhana usiku umodzi kujambula nyimbo ya We Are the World, kuti ndalama zake zithandize anjala ku Africa. Wotsogolera nchitoyo anali Quincy Jones, bwenzi lija la ku Seattle. Mawu a Ray amamveka ca kumapeto kwa nyimboyo.

Mu 1986 Ray anakhazikitsa bungwe lothandiza anthu. Ambiri akanayembekeza kuti lithandiza osaona. Koma iye anasankha kuthandiza osamva. Ankati kusaona sikunamulepheretse kanthu, koma akanakhala wosamva, sakanadziwa nyimbo.

Anapitiriza kuyenda m'maiko akuimba mpaka atakalamba, atavala magalasi akuda, akugwedezeka uku ndi uku pampando wa piyano. Anamwalira ndi matenda a ciwindi pa 10 Junho 2004 ku Beverly Hills, m'cigawo ca California, ali ndi zaka 73. Anasiya ana 12. Caka comweco kunatuluka kanema wa moyo wake wochedwa Ray. Amene anasewera ngati Ray anali Jamie Foxx. Pojambula kanemayo, maso a Jamie ankamatidwa tsiku lonse kuti asaone kanthu.